Mkamwini ndi Mtengo wa Mapeyala

Kwa Milonde, Mulanje
Lachinayi, masana

Filomena mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde, iwe utapita kumsika kukagula sopo ndi mchere wa pakhomo pano ngati munthu amene alibe ulendo. Usaganize kuti sindinaone. Sutikesi ija unalongedza sabata yatha waimasula, nsapato zatsopano wazibwezera kunsi kwa bedi, ndipo jekete yokhuthala ija anakupatsa anzako a ku Zomba waipachika kuseri kwa chitseko. Minibasi ya ku Blantyre ndi ya mawa m'mawa, ndege ndi ya mkuja. Munthu wa ulendo samasula katundu, Filo.

Ndikanakuyankhula pamaso, koma ukundidziwa bwino. Nkhani ikalemera Chichewa chimandithawa, Chilomwe chimalowa osaodira, Chipwitikizi nacho n'kumasuzumira pawindo, mapeto ake iwe umaseka, ine n'kuiwala pamene ndinayambira. Papepala pokha ndi pamene ndimatha kumaliza chimene ndayamba. Kalatayi uipeza pamwamba pa sutikesi yopanda kanthuyo. Uiwerenge yonse, usadumphe ngati mmene unkadumphira mizere popalira.

Dzana unandiuza kuti, "Ababa, anthu ajawa sananditengere nzeru ayi. Akungofuna munthu wa ku Africa woti azioneka pachithunzi, aziti gulu lathu lili ndi mitundu yonse. Ine zokakhala chokongoletsera sindikuzifuna." Ndinangogwedeza mutu. Mwina pali choona pamenepo, ndipo ndibwerapo. Koma ine ndinakulera, ndimadziwa ukamanena chifukwa chachiwiri pobisa choyamba. Chimene chakumasulitsa sutikesi ndine. Mayi ako anatisiya chaka chatha, mwambo wa kusudzula sunachitike, ndipo ukuopa kuti ukangokwera ndege amalume ako a Witinesi adzandisudzula n'kundiuza kuti, "Alamu, ntchito munaigwira, tsopano kazipitani kwanu." Ukudziwa kuti pano ndine mkamwini, nthaka ndi ya mbumba ya mayi ako, mchimwene wako Jowakimu nayenso ali kuchikamwini ku Phalombe, ndipo chingwe chimene chimandimangirira pamudzi pano ndiwe wekha. Ukudziwanso kuti kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ku Mozambique kumene ndinabadwira, kulibenso kwathu. Nkhondo inasiya thengo, ngakhale manda a agogo ako sindingawaloze. Ndiye waganiza zotaya ntchito imene waivutikira zaka zonsezi kuti ukhale mlonda wa bambo ako. Zandikhudza, mwanaka, mpaka ndagwetsa misozi. Koma zandikwiyitsanso pang'ono.

Za amalume ako ndithera nazo. Ndiyambe ndi ntchito yakoyo, chifukwa ukuganiza kuti sindinaimvetse. Unati gulu la ku yunivesite yakuitanayo likufuna kupeza muyeso woyezera mabungwe akuluakulu ofufuzafufuza, pamodzi ndi mabungwe amene amathandiza kafukufuku ndi chuma, kuti lione ngati alidi a dziko lonse lapansi monga amadzitchulira, kapena ndi a kwawo komweko, dzina lokha ndiye lalikulu. Unati muzikawerenga kuti ogwira ntchito achokera maiko ati, mapepala a kafukufuku alemba limodzi anthu a kuti ndi kuti, thandizo lagwera mbali iti. Pamene unkafotokoza ine ndinkasenda chinangwa, iwe n'kumayesa kuti mawu ako akungondidutsa. Ayi ndithu. Ndinkaseka chamumtima, chifukwa ntchito imeneyo ine ndakhala mbali yake inayo moyo wanga wonse. Iwe ukukayeza alendo. Ine ndine mlendo amene wayezedwapo kangapo, ndipo sikelo yake sinkanena zoona.

Uli wamng'ono, ine ndikuthyolabe tiyi ku esiteti, kunabwera pulojekiti ya kafukufuku wa mbewu imene inkati ndi ya maiko awiri, Malawi ndi Mozambique. Anakonza msonkhano waukulu kuhotela ina ku Boma, kukubwera akuluakulu ochokera kutali amene ankapereka thandizo. Tsiku litakwana nthumwi za kutsidya zinalephera kufika, kaya ndi mvula kaya ndi mapepala a pachipata. Wina anakumbukira kuti kwa Milonde kuli Alubeto, wobadwira ku Mozambique. Galimoto inandipeza ndili m'munda. Ndinabwereka suti kwa mkulu wa mpingo, manja ake ophimba zala, mayi ako akuseka mpaka kugwira khoma. Kuhotelako anandikhazika patebulo lalitali, kutsogolo kwanga kuli kambendera ndi kapepala kolembedwa kuti Mozambique. Ine, Filo! Munthu amene ndinali nditatha zaka osaponda kutsidya, tsiku limenelo ndinali dziko lathunthu. Ndinadzimva kukoma, sindikubisa. Anayankhula Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anatijambula, anandipatsa chikwama cha nsalu ndi cholembera. Mawu anga onse tsiku limenelo anali amodzi. Mayi wina wachizungu atandipatsira shuga wothira mu tiyi ndinati "obrigado" pomuthokoza, iye n'kusangalala kwambiri kuti wamva Chipwitikizi chenicheni. Ndikhulupirira kuti pobwerera kwawo anakanena kuti maiko awiri anakhala pamodzi n'kugwirizana. Sanali anthu oipa, anali ndi mpando wopanda munthu ndipo anachita nawo manyazi. Wopusa ndinali ine wokhala duu, pamene ndinkadziwa bwino mbewu zimene alongo athu amawoloka nazo Ruo atamanga pansonga ya chitenje. Choncho ukakawerenga mbendera patebulo, mwana wanga, ukafunsenso kuti wokhala kuseri kwa kambenderako ananenapo chiyani, ndipo chimene ananenacho chinasintha chiyani. Mwina ukapeza anzanga ambiri a suti yobwereka.

Patapita zaka kunabwera achinyamata ena ovala zipewa zofanana, akuyenda khomo ndi khomo ndi mafunso a kafukufuku wa zaumoyo. Mtsikana wina anakhala pampando uwu ndakhalirawu n'kundifunsa kuti, "Bambo, m'mudzi muno muli anthu akunja?" Ndinayankha ndi mtima wonse kuti, "Ayi mayi, akunja kuno safika, msewu wathu ngoipa." Analemba, anathokoza, anapita. Mayi ako anali kuseri akupeta, ndipo atatulukira anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo ake Filo, nanga inuyo munabadwira pa Chonde, konkuno ku Mulanje?" Sindinaname dala ayi. Kwa ife kuno wakunja ndi wobwera pa ndege, wa khungu lina, woyenda ndi botolo la madzi m'manja. Wa ku Milanje, ku Mozambique, amene amawoloka ndi njinga yodzaza chimanga, timayankhula naye Chilomwe, timaika naye maliro, ameneyo si wakunja, ndi wa kutsidya chabe. Ambiri m'mudzi muno agogo awo anachokera komweko. Taona tsono: bambo ako omwewa ku Boma anawawerenga ngati Mozambique yense, pakhonde pawo anadziwerenga okha ngati palibe. Ndikuganiza kuti matenda amenewa si a ife tokha. Ukapeza kuti wofufuza wa ku Zomba akalemba pepala ndi mzungu anthu amati taonani kafukufuku wa maiko, koma akalemba ndi mnzake wa ku Nampula kapena wa ku Lusaka palibe woomba m'manja. Ukaonetsetse kuti sikelo yanuyo ikuona onse awiri. Ndipo musanayambe kuwerenga, mukayambe mwagwirizana kuti wakunja ndani, ndipo ali kunja kwa nyumba ya yani.

Ukaonenso kumene mapazi aloza. Tsiku limene ndinawoloka Ruo ndili mnyamata, mchenga wonse unali mapazi okhaokha, a akulu, a ana, a mbuzi, ndipo onse analoza mbali imodzi. Munthu wowerenga akanati anthu a maiko awiriwa akuyenderana kwambiri, koma kumene kuja kunali kuthawa. Lero ukapita pamchenga womwewo upeza mapazi opita ndi obwera atapondana. Bungwe lingathe kudzaza ndi ana a maiko onse, koma ngati ana awo a kumeneko sabwera kudzakhala pansi pa aphunzitsi a kuno, ngati opitawo sapeza njira yobwerera ndi chimene aphunzira, ulembe kuti njirayo ndi ya mbali imodzi. Ndikunena izi ndikudziwa kuti mkuja mapazi akonso aloza komweko.

Nkhani ya nandolo ija uyenera kuti ukuikumbukira pang'ono, chifukwa unkatinyamulira madzi kumunda. A kafukufuku anatipatsa mbewu yatsopano kuti tiyesere, yocha msanga, yaifupi. Inabereka ndithu. Koma potha pa nyengo amayi a m'mudzi anadandaula, chifukwa mmene nkhuni zikusowera kuno, mitengo ya nandolo ndi imene timaphikira, ndipo yatsopanoyo mitengo yake inali yoonda ngati udzu. Amene ankatiyendera anali mayi wina wachitsikana, Mmalawi, wophunzira kwambiri. Pamsonkhano wa alimi ine ndinaimirira n'kumukalipira. Manyazi a kuhotela aja anali asanandichoke, ndiye mawu onse amene ndinameza tsiku lija ndinamukhuthulira mwana wa eni. Ndinati inu ophunzira mumatitenga ngati mbuzi zoyesera mankhwala. Titabalalika mayiyo anandipeza ndikumasula njinga n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, za nkhunizo ndikuzidziwa, kwathu ku Chiradzulu amayi anga amaphikira zomwezo. Ndinawauza akuluakulu. Koma funso la kafukufukuyu linabwera lomangamanga kuchokera kwa opereka thandizo, iwo akufuna kudziwa za zokolola basi. Ine mphamvu yomasula mfundo imeneyo ndilibe." Misozi inali italengeza m'maso mwake. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa ndinazindikira kuti ndakalipira mkamwini mnzanga. Dzina lake liyenera kuti linalembedwa papepala la kafukufukuyo, ndipo wina powerenga anati onani, Amalawi alimo. Analimodi, monga mmene ine ndinalili m'munda wa apongozi: khasu m'manja mwanga, chobzala anena ndi ena. Ndiye ukafika kwa opereka thandizowo usakangoona kumene thandizo lapita. Ukafunse kumene funso linabadwira, ndi amene anali m'chipinda tsiku losankha. Ndipo usakathire mkwiyo pa munthu wosalakwa ngati anachitira bambo ako.

Tsopano ndikuuze za mtengo wa mapeyala uli kuseri kwa nyumbawu, umene unkakwera n'kumang'amba madiresi. Chiyambi chake sindinakuuzepo. Nditangolowa pamudzi pano, nkhondo itatha anzanga ambiri akubwerera kwawo, ndinatola njere ya peyala kumalayini a ku esiteti n'kuibzala kuseri kwa kanyumba kathu ka udzu. Itamera, mkulu wina, mkamwini wakalekale wa pamudzi pano, anaima n'kuyamba kuseka. Anati, "Iwe Mpwitikizi, sanakuuze? Mkamwini amabzala chimanga, chodya chaka chomwecho. Mtengo ukubzalira ndani? Akadzakupirikitsa udzausenza pamutu?" Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaonadi kuti kuseri kwa nyumba za akamwini kunali mbee, kopanda ngakhale mthunzi woti nkhuku ibisalemo. Mantha anandigwira kuti mwina eni mudzi aziti mlendoyu wayamba kukula mwendo. Ndinazula kamtengo kaja n'kukataya kudzala. Mayi ako pokataya zinyalala anakapeza katayamba kufota. Anakatola, anabwera nako, anandipatsira khasu m'manja. Anati, "Bzalani. Akakuthamangitsani ndidzadya ndine, mukakhala tidzadya tonse. Koma ine mwamuna wokhala mwendo umodzi uli panjira sindimufuna." Ndinabzalanso. Mtengo umenewo wadyetsa mudzi wonse, ngakhale adzukulu a mkulu anandiseka uja.

Muyeso wanga ndi umenewo, Filo, ndipo ndikukupatsa ulere, ukaone ngati ungalowe m'makompyuta anuwo. Ukafuna kudziwa ngati mudzi umalandiradi akamwini, usawerenge kuti alipo angati ndipo achokera midzi ingati. Mudzi uliwonse umafuna akamwini, nanga ndani safuna manja olima ndi okumba manda? Zungulira kuseri kwa nyumba zawo ukaone ngati kuli mitengo. Ona ngati aumba njerwa zootcha. Munthu sabzala chinthu chochedwa kubereka pamalo pamene akumva kuti mawa angauzidwe kuti nyamuka. Chimodzimodzi kumabungwe akowo. Ochokera kutaliwo amapatsidwa ntchito ya nyengo imodzi n'kubwezedwa, kapena amaloledwa kuyambitsa chinthu chawo chodzabereka patapita zaka? Zimene amatola m'midzi ngati uno, magazi, dothi, mbewu, mayankho athu, zimatsalako kuno kapena zonse zimakwera ndege? Ndipo chachikulu n'chakuti, angathe kukana chinthu pamsonkhano, chaka chamawa n'kudzapezeka akadalipo? Ukafunse za mitengo, mwana wanga. Akakudabwa, uwafotokozere za ukamwini, mwina kwawo kulibe.

Koma ukayeze ndi chifundo. Ine zaka zambiri ndinkawaona amalume ako ngati munthu wouma mtima. Tsiku lina mbumba inakhala pansi kugawana dimba la kumtsinje, limene ine ndinaswa mphanje ndi manja angawa, ndipo a Witinesi anandiuza mwaulemu kuti, "Alamu, tatidikirani panja pang'ono, ndi za pabanja." Ndinakakhala pansi pa peyala langa ngati mwana wolangidwa. Ndinasunga mangawa nyengo yonse, mpaka tsiku limene ankafolera nyumba yawo ndinanamizira msana. Mayi ako ndi amene ananditsegula maso. Anati, "Mukuona mmene malo achepera, uku tiyi wa esiteti, uku phiri. Achimwene anaona ndi maso awo mkamwini wa kumtunda uko atagulitsa munda wa mkazi wake n'kuthawira ku Joni. Akamakuikani panja sikuti akudana nanu, akusungira Filo." Mabungwe akowonso ali ndi mbumba zawo zimene amayankhako, anthu a kwawo amene amasonkha chumacho n'kumafunsa kuti chatipindulira chiyani. Mantha awo si a misala. Ambiri mwa iwo sanazungulirepo n'komwe kuseri kwa nyumba kuti aone kuti kulibe mitengo. Ntchito yako ndi kuwagwira dzanja n'kukawaonetsa, osati kuwayalutsa pagulu. Munthu ukamuyalutsa amakwiya, ndipo mkwiyowo umakathera pa mkamwini amene ali naye pafupi.

Tsono za kukongoletsa chithunzi zija. Mwina n'zoona, mwina wina kumeneko anaona dzina lako n'kunena kuti eya, Malawi tinalibe. Nanga bwanji? Ukuganiza kuti ine pamudzi pano anandilandira chifukwa cha nkhope? Agogo ako aakazi anayang'ana mapewa anga n'kuona munda wolimalima. Aliyense amalowera pakhomo limene lamutsegukira, nkhani imayambira m'katimo. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kokhala m'thumba sikameta munthu. Akakukhazika kuseri kwa kambendera usakachite za bambo ako za obrigado. Ukayankhule sabata yoyamba yomwe, ngakhale mawu akunjenjemera, ngakhale Chingerezi chako chikununkhira Mulanje. Ukanene za wa kutsidya amene sawerengedwa, ukanene za funso lobwera lomangamanga. Akakapanda kumva, ukanenenso mawa lake. Ndipo ukabzale kanthu kumeneko, kaya ndi kafukufuku wakowako, kaya ndi mwana wa sukulu woti umulere, kaya ndi ubwenzi. Usakakhale mwendo umodzi uli panjira chifukwa cha ine.

Zina n'zazing'ono. Kuzizira kwa kumeneko akuti kumaposa chiperoni, ndiye jekete ija itsike kuseri kwa chitseko. Uzikadya, osati kukhalira tiyi ndi buledi ngati nthawi ya mayeso. Nandolo wouma ndakumangira, a pabwalo la ndege akamufuna uwapatse mwaulemu, mwina nawonso anamusowa. Ukapeze tchalitchi, ngakhale aziimba ngati ali pamaliro. Foni uziimba Lamulungu masana, ndipo ukatha kucheza nane uzipempha kulonjera amalume ako, uziwapatsa ulemu wawo. Ukakapeza mwamuna kumeneko sindikuletsa, koma umuuziretu kuti kwathu wosamuka ndi mwamuna. Adzabwere, khasu lilipo, ine ndidzamuphunzitsa ukamwini kuyambira sitandade wani.

Tsopano za amalume ako, monga ndinalonjeza. Dzulo nditaona sutikesi yomasulayo ndinadziwa kuti mawu anga okha sangakukwanire. Ndikanati pita, palibe chimene chindichitikire, ukanati ababa akungondilimbitsa mtima. Kukawafunsa a Witinesi maso ndi maso kuti kodi mudzandithamangitsa, zimenezo mkamwini sachita, ndipo iwonso sakanayankha molunjika. Ndiye ndinaganiza zowafunsa m'chiyankhulo chimene tonse awiri timamva. M'mawa uno iwe uli kumjigo, ndinatenga mbande ya peyala ija ndakhala ndikuilera m'kachitini kuseri kwa bafa, mwana wa mtengo wa mayi ako. Ndinapita nayo kumalire a munda wathu ndi chinangwa cha amalume ako, pamene amadutsa akamapita kudimba, n'kuyamba kukumba. Mtima unkagunda ngati tsiku lija ndinawoloka Ruo.

Anatulukira khasu lili paphewa, n'kuima.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Mukutani pamenepo?"

"Ndadzuka, alamu, kaya inu. Ndikubzala peyala."

Anayang'ana dzenje, n'kuyang'ana ine. Ine thukuta kamukamu, ngakhale kunali mphepo.

"Mwabzala pafupi ndi malire," anatero. "Umenewu ukadzakula, nthambi zidzagwera m'chinangwa changa."

Mumtima ndinati basi, yankho ndi limeneli. Ndinawerama kuti ndizule, monga ndinazulira kale lija.

"Aaa, mukutaninso? Ndati muzule ine?" anakalipa. "Ndikunena kuti nthambizo zikadzafika kuno, mudzadula ndinu. Ine ndi msana wangawu sindidzakwera mumtengo wa munthu. Ndipo muutchingire, mbuzi za pano zilibe ulemu."

Anapita osacheuka. Ine ndinangokhala pamzere. Ndipo posachedwapa, pamene ndimalemba za nandolo zija, ndawaona akudutsa chakumunda atasenza mtolo wa nsungwi. Auponya pambali pa kamtengoko, sanayang'ane n'komwe kuno kukhonde.

Filo, wa masamu ndiwe. Peyala lobzala lero silifikitsa nthambi m'munda wa mnansi chaka chino kapena chamawa. Werengera wekha kuti amalume ako andipatsa zaka zingati. Kusudzula kudzachitika nthawi yake ikakwana, ndi mwambo, ndipo sindikuuopanso. Ndidzakusowa, sindinama, nyumba ino indikulira kwambiri. Koma kukusowa uli kuntchito yako n'kopepuka kusiyana ndi kukuona tsiku ndi tsiku pakhomo pano ukugula sopo ndi mchere chifukwa chochitira ine mantha. Mayi ako sanandibzalitse mtengo uja kuti mwana wake adzakhale pansi pake kundilondera.

Ndikuona chitenje chako chikutulukira kumsewu uko, ndiye ndilekeze pano. Ukawerenga usandifunefune m'nyumba ndi misozi, ndili kumalire ndikumanga mpanda. Yamba walongedza sutikesi, nsapato zili kunsi kwa bedi. Ukatha ubwere udzandigwirire nsungwi, uonenso msinkhu wa kamtengoko, kuti pobwera udzakhale ndi choyeza.

Ndine bambo ako,
Alubeto